Zaka zonsezi munali kuti, mayi?

Alamu anga, akazi a malemu achimwene, kwawo ndi ku Kyela ku Tanzania, kutsidya kwa Songwe. Anafika ku Mzuzu a Bakili Muluzi akadali pampando, ali mtsikana woti Chichewa chake chinkathera pa moni. Lero mukawapeza pamsika wa Taifa akutsatsa zitenje, amasintha zilankhulo osapuma: Chitumbuka kwa agogo ochokera ku Ekwendeni, Chiswahili kwa mnzawo wa benchi loyandikana, Chichewa kwa atsikana a ku Mzuni, Chinyakyusa foni ikalira kuchokera kwawo. Ku Chibavi kukagwa maliro sachita kuwaitana. Mumangowapeza ali pamoto, mthiko uli m'manja.

Amenewa ndi amene ndinawaperekeza ku ofesi ya Immigration kukafunsa za chilolezo chokhazikika m'dziko muno, chija anthu amangoti PRP. Bambo wa pa desiki anali munthu waulemu, sindinganame. Anatsegula pasipoti ya alamu, yatsopano, masamba ambiri ali mbee. Anaivundukula uku ndi uku, kenako anafunsa modekha:

"Mwati mwakhala kuno zaka zoposa 20. Pasipoti yanuyi ikuyambira 2019. Zaka zina zonsezi munali kuti, mayi?"

Alamu anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za m'maofesi. Anandiyang'ana kuti ndiwathandize kuseka. Koma bambo uja sankaseka, ndiponso sankanyoza. Ankadikira yankho loti angaliike mu fayilo.

## Chomwe chinatidzutsa

Achimwene ali moyo, za mapepala a alamu zinali zawo. Ife abale tinkangodziwa kuti nthawi ndi nthawi amatenga envulopu n'kupita kutauni, basi. Atamwalira mu 2021, envulopu ija inagona m'sutikesi ndipo palibe anaikumbuka.

Kenako kunabwera 2023. Mukukumbukira: boma linalamula kuti anthu onse othawa kwawo omwe ankakhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April, ndipo mu May anayamba kuwatola, kuyambira ku Lilongwe. Magolosale omwe tinazolowera kugulako shuga usiku anatsekedwa. Alamu si othawa nkhondo, lamulolo silinkawakhudza n'komwe. Koma mantha safunsa kuti lamulo likunena ndani. Pamsika ena anayamba kuwaseleula kuti, "A Taifa, mawa ndi inu." Ankaseka nawo masana, usiku n'kumandiimbira foni.

Ena mufunsa kuti bwanji osangopempha unzika, poti ana onse atatu ndi Amalawi kudzera mwa bambo awo. Nafenso tinaganizapo. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo mu December 2018 kuti munthu athe kukhala nzika ya Malawi ndi dziko lina nthawi imodzi. Koma Tanzania siilola zimenezi kwa munthu wamkulu. Kutenga unzika wa kuno ndiye kuti kutaya wa kwawo, ndipo ku Tanzania mlendo sakhala ndi malo ngati mmene nzika imakhalira nawo. Alamu ali ndi gawo lawo pamunda wa mpunga womwe anasiya bambo awo, kulinso mitengo ya koko yomwe alongo awo amawasamalira. Mayi awo akadali moyo. Anandiuza mosapita m'mbali: "Alamu, ndikufuna kufera kuno, koma sindikufuna kukalowa m'nyumba ya amayi ngati mlendo." Nkhani ya unzika inathera pomwepo.

## Mafunso ndi awiri

Zina zomwe anatiuza kuti tibweretse zinali zachidziwikire: mafomu, zithunzi, kalata ya adokotala, kalata ya apolisi yosonyeza kuti munthu alibe milandu, setifiketi ya ukwati, setifiketi ya imfa ya achimwene, umboni woti alamu amatha kudzidyetsa okha. Izi zimafuna ndalama ndi miyendo, koma zimapezeka.

Chovuta chinali funso lija. Ndipo nditakhala pansi n'kuliganizira bwino, ndinapeza kuti m'kati mwake muli mafunso awiri. Loyamba: kodi munalidi kuno zaka zimenezi, kapena munkangobwera kudzagulitsa katundu n'kumabwerera? Lachiwiri: pomwe munali kunoko, kodi munali ndi chilolezo? Lachiwirili limayankhidwa ndi zidindo ndi mapemiti a mu pasipoti basi. Palibe kalata ya mfumu kapena ya abusa yomwe ingalowe m'malo mwa pemiti. Loyambalo ndi lomwe limafuna kuti moyo wonse wa munthu uoneke papepala, chaka ndi chaka.

Pasipoti inali yatsopano chifukwa Tanzania inayamba kupereka mapasipoti amakono mu 2018, akale aja n'kusiya kugwira ntchito. Nanga akalewo? Imodzi inanyowa mu April 2016, mvula ija yomwe inagwetsa nyumba zambiri mu Mzuzu muno, madzi atalowa m'chipinda n'kumiza sutikesi. Masamba ake anamatirirana, inki ya zidindo inayenderera. Yoyambirira yeniyeni alamu sankadziwa komwe ili.

## Pamphasa

Loweruka lotsatira ndinapita ku Chibavi ndi pulani yomwe ndinkaiona ngati yanzeru. Tinayala mphasa pabalaza. Ndinang'amba timapepala, pa kalikonse n'kulembapo chaka, kuyambira chomwe alamu anabwera kufika lero, n'kutindandalika mumzere kuchokera pakhomo mpaka pansi pa windo. Ndinati tikhuthule chilichonse cha m'nyumba muno chomwe chili ndi deti, tiziika pansi pa chaka chake.

Anabweretsa masutikesi awiri, jumbo yodzaza, ndi chikwama cha achimwene chomwe chinali chisanatsegulidwe chimwalirire eni ake.

Mapepala analipo ambiri, mpaka ndinalimba mtima. Koma nditayamba kuwerenga limodzilimodzi, thukuta linayamba kutuluka ngakhale kunja kunali kachisanu ka Mzuzu kaja.

Mapepala a puloti: dzina la achimwene. Mabilu a madzi: achimwene. Mita ya magetsi: achimwene, ndipo timalisiti ta mayunitsi tinali titafufutika kale, poti pepala lake lija silichedwa kuyera. Zaka zomwe ankachita lendi ku Chiputula asanamange, panalibe ngakhale lisiti limodzi. Ndani amalemberana lisiti ndi alandilodi kwathu kuno? Umangopereka pamanja, iwo n'kuti zikomo. Malisiti a fizi anali ndi mayina a ana, ndipo pomwe pafunika dzina la kholo panali la bambo, ngakhale aliyense pabanjapo akudziwa kuti fiziyo inkachokera pa benchi la zitenje. Benchi lomwelo linalembetsedwa m'dzina la achimwene, poti zinali zosavuta kutero kwa mwini dziko. Matikiti a msika a tsiku ndi tsiku anadzaza theka la jumbo, koma tikiti ya msika ilibe dzina la munthu.

Ndinakumbukira foni. Ndinati apa ndiye tapulumuka, popeza alamu amalandira ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money tsiku lililonse. Anayang'ana pansi. Nthawi yolembetsa manambala mu 2018, mzere unali wautali ndipo mwana wawo wamwamuna anali ndi chiphaso cha unzika m'thumba. Anangoti, "Amama, bweretsani ndikulembetsereni." Nambala yomwe Taifa yonse imaidziwa kuti ndi ya alamu, m'kaundula ndi ya mnyamata wa zaka 20 ndi mphambu zingapo.

Pofika masana ndinali ndi milu iwiri. Mulu wa achimwene unali woti munthu wakufayo akanatha kupatsidwa PRP tsiku lomwelo. Mzere wa alamu unali ngati mano a agogo: apa limodzi, apo limodzi, pakati pali gwaa.

Alamu anakhala chete nthawi yaitali, miyendo atatambasula, akusisita m'mphepete mwa mphasa. Kenako anayankhula, osati mokalipa.

"Alamu, ndiye kuti m'nyumba muno ine munalibe?"

Ndinasowa poyambira.

"Njerwa za nyumba ino anaumbitsa ndani? Achimwene anu atagonekedwa m'chipatala miyezi ija, ankagona pansi pa bedi ndani?" Analoza kapepala kolembedwa 2011, komwe pansi pake panalibe kanthu. "Chaka ichi mukuti palibe umboni. Pa 20 July ndinali pamsika. Tinathawa utsi wokhetsa misozi, katundu tinamusiya pomwepo. Ndinathamanga wapansi mpaka kuno ndi mwana wa mnzanga kumsana. Tsiku lokaika anyamata aja ku Zolozolo ndinaliko, ndinaimba nawo. Mukufuna ndikawauze nyimbo zomwe tinaimba?"

Sindinayankhe, chifukwa yankho linali loti ayi, nyimbo sizilowa mu fayilo. Ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti panalibe woti n'kumuloza chala. Achimwene sankawabisira kanthu akazi awo. Ankachita zomwe mwamuna aliyense wa msinkhu wawo ankachita: kupita kukaima pamzere, kulemba dzina lawo, kusaina. Ankayesa kuti akuwapeputsira ntchito. Chikondi chomwecho ndi chomwe chinawafufuta alamu m'mapepala a nyumba yawo yomwe.

## Makadi a sikelo

Amene anatitulutsa m'dzenjemo ndi mwana wawo wachisamba, yemwe nthawi yonseyi ankaphika kuseri akumvetsera. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi Baibulo la Chiswahili la mayi ake, lokutidwa ndi nsalu. Pakati pake panali kapulasitiki kopindidwa kanayi.

"Bambo aang'ono, nanga izi sizingathandize?"

Anali makadi a sikelo a ana onse atatu, okalamba, m'makona mutatha. Ndinatsegula loyamba. Pamwamba dzina la mwana, tsiku lobadwa, kenako dzina la mayi, lolembedwa ndi dzanja la namwino, ndi dera lomwe akukhala. M'munsimo madeti: katemera wa BCG, wa poliyo, wa chikuku. Kenako timadontho ta kulemera kwa mwana, mwezi ndi mwezi, kalikonse ndi deti lake. M'miyezi ya njala ya 2002 mzere wa timadontho unaima osakwera, koma madeti sanadumphe. Mayi anali pamzere wa sikelo mwezi uliwonse.

Mwana amapita kusikelo kufikira zaka zisanu. Ana atatu obadwa motalikirana, ndiye kuti zaka zambiri ndithu. Tinayamba kuika makadiwo pamzere uja ndipo mipata inayamba kutsekeka. Mu kapulasitiki momwemo munalinso buku la kuchipatala la alamu eni, la masamba a sikelo ya amayi oyembekezera, malungo a chaka chakuti, BP ya chaka chakuti, tsamba lililonse ndi chidindo cha chipatala cha mu Mzuzu muno.

Ndinafunsa chifukwa chake zimenezi sanazitulutse poyamba. Anandiyang'ana modabwa. "Inu munati mapepala ofunika."

Pamenepo mutu unatseguka. Ndinasiya kufunsa kuti ndi maofesi ati omwe ali ndi dzina la alamu, n'kuyamba kufunsa kuti ndi kuti komwe mzimayi amapita yekha, komwe mwamuna sangamuimire pamzere.

Kutchalitchi. Alamu anakulira mu mpingo wa Moravian kwawo, atakwatiwa analowa CCAP. Alembi a mpingo, bambo wachikulire wosamala zinthu, anatitsegulira kabati. Buku la maukwati linalipo, dzina la alamu lili pamzere wake ndi siginecha yawo ya utsikana. Mabuku a ubatizo wa ana. Ndipo koposa zonse, mabuku a Umanyano, omwe ife a kumwera timati Mvano: mayina a amayi kumanzere, miyezi pamwamba, chopereka cha aliyense chili m'kabokosi kake. Amayi a Umanyano sakhululuka pa nkhani ya kalembera. Ukajomba amalemba, ukadwala amalemba, ukapita kwanu kumaliro amalembanso. 2011 ija inapezeka m'menemo, miyezi yonse 12.

Kubanki m'khonde nakonso kunali makope a masheya ndi ngongole, osungidwa m'bokosi la maloko atatu. Abuloko lida analemba kalata yawo, abusa yawo. Makalata awiriwa ndi abwino, koma ine ndinaona kuti mphamvu zawo n'zochepa poyerekeza ndi makope aja. Kalata imalembedwa lero ndi munthu amene akukufunira zabwino. Kope la Umanyano linalembedwa kalekale ndi munthu yemwe sankadziwa kuti tsiku lina lidzafunika, ndipo n'chifukwa chake ndi lovuta kulitsutsa.

Pasipoti yoyamba ija inadzapezeka ku Kyela, m'thiranki la mayi awo, pamodzi ndi zithunzi za ukwati. Alongo awo anaipatsira kondakitala wa basi pa Songwe. Chidindo cholowera chinali chikuonekabe bwinobwino, ndi mapemiti a zaka zoyambirira.

## Zaka zomwe pemiti inagona

Pali mbali ina yomwe makadi a sikelo sakanatha kuikonza. Titaphatikiza zomwe zinkawerengeka mu pasipoti yonyowa ija ndi malisiti a m'chikwama cha achimwene, zinaoneka kuti panali nyengo yomwe pemiti inatha ndipo sinakonzedwenso msanga. Inali nthawi ija ya kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, cha m'ma 2011 ndi 2012, achimwene ntchito itawathera. Pakati pa ufa ndi pemiti anasankha ufa. Sindingawaweruze.

Nkhani zotere sizibisika. Pasanathe sabata, mnyamata wina wovala bwino anandipeza pa depoti, akundidziwa dzina ine osamudziwa. Madobadoba amanunkhiza vuto la munthu ali kutali. Anati ali ndi munthu wake woti akhoza kubwezeretsa chidindo cha chaka chilichonse chomwe tikufuna, inki yake yooneka yakale. Anatchula mtengo, n'kuutsitsa yekha ndisanayankhe.

Ndinakawauza alamu, ndipo ndinawauza monga nkhani yoti tiganizire. Anakana ndisanamalize. Anandikumbutsa za 2017, nthawi ya kalembera wa ziphaso za unzika. Anthu ambiri owafunira zabwino anawauza kuti angolembetsa ngati Mmalawi wa ku Karonga, poti Chinkhonde ndi Chinyakyusa n'zapachibale, palibe akanazindikira, ndipo mboni zikanapezeka. Iwo anakana, ati mlendo ali ndi khadi lakelake. "Ndikanavomera tsiku lija," anatero, "lero bwenzi ndikulowa mu ofesi muja ndi pasipoti ya Tanzania dzanja ili, chiphaso chonama dzanja linali. Mukanandiperekeza?"

Ndikudziwa kuti ena owerenga pano ali ndi achibale omwe anatenga njira imeneyo, ndipo mpaka lero zikuwayendera. Sindikuwatukwana. Ndikungoti fayilo ya PRP imawerengedwa ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kuyerekeza madeti. Mpata woona ukhoza kufotokozedwa. Chidindo chabodza chikagwidwa chimaipitsa ndi mapepala oona omwe, makadi a sikelo ndi makope a Umanyano onse n'kusanduka okayikitsa.

Tinalemba kalata yofotokoza chilungamo chake: pemiti inatha nthawi yakuti, inakonzedwanso nthawi yakuti, chifukwa chake n'chakuti. Alamu anakalumbira pamaso pa wovomerezeka kulumbiritsa anthu. Anati ngati pali chindapusa adzalipira, ngakhale zitatengera kugulitsa katundu yense wa pa benchi.

Titabwerera ku ofesi kuja, tinali ndi fayilo yonenepa. Pamwamba ndinaikapo tsamba limodzi la mndandanda: chaka kumanzere, umboni wake kumanja, nambala ya tsamba kumapeto. Mafotokope tinadinditsa, mapepala enieni tinawanyamula padera kuti angowaona n'kutibwezera. Bambo uja anafika pa makadi a sikelo, anaima, n'kuwerenga madeti ndi chala. Sanalonjeze kanthu. Anati chigamulo sichipangidwa pa desiki yake, fayilo imapita kulikulu, ndipo pemiti yomwe alamu ali nayo panopa isathe pomwe tikudikira. Anatipatsa lisiti. Lisiti limenelo lili ndi mafotokope atatu m'nyumba zitatu zosiyana, ndi chithunzi chake mu foni ya mwana aliyense.

## Kwathu ku Luwinga

Usiku wa tsiku la pamphasa lija ndinafika kunyumba n'kutsegula kabati yanga. Mayi a kunyumba ndi Mmalawi, a ku Ntcheu, palibe adzawafunse PRP. Komabe ndinafuna kuona. Puloti, madzi, magetsi, akaunti ya kubanki, fizi: ine, ine, ine. Takhala m'banja zaka zambiri, koma nditafa mawa, abale anga atabwera ndi mtima wina, umboni wawo ukanakhala uti? Ndinawafunsa ngati zimawadandaulitsa. Anati akhala akudikira kuti ndidzazindikire liti. Akaunti ya madzi tsopano ili m'dzina lawo, ndipo za puloti tikuyendetsa kuti pakhale mayina awiri.

Mphwanga ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chinayi. Ndinamuimbira n'kumufunsa kuti chipinda chomwe amagona chili m'dzina la ndani. Cha mnzake. Nambala ya foni? Ya chibwenzi chake chakale. Malipiro? Pamanja. Pasipoti yake yoyamba? Anaitaya itatha, ati inkangodzaza chikwama. Ndinamuuza nkhani ya alamu yonse, mayunitsi mpaka kutha. Sindikudziwa ngati anamva, poti anyamata a ku Joni amayankha "sharp" pa chilichonse.

Alamu nawo anasintha nambala ija kuti ikhale m'dzina lawo, ndi pasipoti yawo. Benchi la pa Taifa akulisintha. Anatsegula akaunti yawoyawo kubanki, ndipo ndalama za zitenje zimayamba zadutsa kumeneko zisanapite kwina. Fayilo ikadali kulikulu. Akamva kuti wina wa pamsika akupita kukafunsa zake, amamutuma kuti akaonenso zawo.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli zipinda ziwiri za lendi. M'chimodzi mumakhala mnyamata wa ku Chipata yemwe amakonza mafiriji, ndi mkazi wake wa ku Rumphi. Kutha kwa mwezi ndinagula buku la malisiti, la kaboni lija, ndipo atabweretsa lendi ndinamukhazika pansi. Ndinalemba deti, ndalama, nambala ya nyumba, kenako mayina awiri, lake ndi la mkazi wake. Ndinang'amba lapamwamba n'kumupatsa, ndikumuuza kuti alisunge pouma ndipo asadzalitaye ngakhale atasamuka.

Analitembenuza, analiwerenga kawiri, n'kundiyang'ana mokayika.

"Bwana landilodi, tangonenani. Mukufuna kukweza lendi eti?"